Pasiwedi ya Hector

Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe anaumirira kuti bokosilo lipite kumbuyo, pamodzi ndi matumba a nandolo ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Lenia anakana. Anali atalikulunga m'chitenje chake chatsopano, atalikumbatira pachifuwa ngati mwana wodwala. Anthu a pa depoti ya pa Phalombe Boma anayamba kuseka, wina n'kufunsa ngati mwanayo wayamwa kale.

Iye sanaseke nawo. M'bokosimo munali kompyuta ya ku ofesi, ndipo m'kompyutamo munali thukuta lake la miyezi isanu ndi itatu. Lenia anali mlembi wa kabungwe ka alimi a nandolo, ndipo maina a alimi zikwi zitatu, midzi yawo ndi makalabu awo, kuchokera ku Mkhumba mpaka m'tsinde mwa phiri la Michesi, anawataipa yekha ndi zala zake. Tsono kompyutayo inali italowa mavayirasi kudzera m'fulashi ya mlendo wina. Ikangoyaka inkazimanso yokha. A Davison, mkulu wa bungwelo, anamuuza kuti apite nayo ku Limbe, ndipo asayerekeze kubwera mainawo atasowa, chifukwa mbewu zinayenera kugawidwa mvula isanagwe.

"Musalole kuti aike pansi chimenecho, achemwali. Ndi msewu wathuwu, mukafika zam'kati zonse zitasukusika."

Amene anayankhulayo anali mwamuna wovala malaya oyera mbee, ngati kuti fumbi la Ogasiti linkamulambalala iye yekha. Anali ndi kachikwama kakuda paphewa. Anati dzina lake ndi Hector, kwawo ku Limbe, ndipo ntchito yake inali yomweyo, kuzungulira m'maofesi a ku Mulanje ndi ku Phalombe kukonza makompyuta. Lenia atamufotokozera chimene chinavuta, iye anamwetulira, nati ulendowo ngosafunika, matenda amenewo akhoza kuwachiza tsiku lomwelo.

Lenia anakayika pang'ono. Koma atalingalira za mabampu a msewu wa ku Chiradzulu, anatsika. Hector ndiye ananyamula bokosi lija mpaka ku ofesi.

A Davison anavomera. Hector anayamba wapulumutsa mafayilo onse a alimi, n'kumuonetsa Lenia kuti palibe dzina limene lasowa. Kenako anatulutsa sidi m'kachikwama kaja, naiika m'kompyuta atatembenuzira msana kwa onse awiri. Panatha pafupifupi ola limodzi. Kompyuta itayakanso inalira ngati munthu wagunda ng'oma, ndipo sikirini yonse inaoneka yofiirira ngati dothi la katondo.

Lenia anachita mantha. Zithunzi zonse zimene anazolowera kunalibe. Batani loyambira, limene masiku onse linkakhala pansi kumanzere, linali litasamukira pamwamba.

Hector anamukhazika mtima pansi. Anati pulogalamu yakale ija, imene inkayendetsa kompyuta yonse, waichotsa, ndipo waikamo ina yotchedwa Linux, mtundu wake Ubuntu, imene mavayirasi a m'mafulashi saigwira wamba. Anawauzanso a Davison, akuyankhula motsitsa mawu ngati akuulula chinsinsi, kuti pulogalamuyi siyopezeka chisawawa, iye anaipeza kudzera mwa mnzake wa kunja, ndipo chilolezo chake chili m'dzina lake. Choncho pasiwedi yaikulu, yosinthira zinthu za m'kati, ikhala ndi iye. Lenia anamupatsa yakeyake yaing'ono, yongolowera ndi kutaipira.

Madzulo ake foni ya Lenia inalira. "Kompyuta ndachiritsa, koma ine ndadwala. Mankhwala ake ali ndi inu. Hector."

Mesejiyo anaiwerenga kanayi.

Kuyambira sabata imeneyo Hector ankabwera Loweruka lililonse kudzamuphunzitsa. Lenia anali ndi kiyi ya ofesi, ndipo sanaone cholakwika. Anaphunzira kumene kunali pulogalamu yolembera makalata, anaphunzira kusunga fayilo mwanjira yoti ikatsegukenso pa makompyuta a anthu ena, anaphunzira kuti fulashi saizula asanaitsanzike. Mausi ikamusokoneza, Hector ankaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la Lenia n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono. Sabata yachitatu isanathe, "inu" uja anali atasanduka "iwe", ndipo "achemwali" atasanduka "duwa langa".

Mnyamatayo pakamwa anali napo. Ankamutchula kuti mwana wa apongozi ake. Ankati m'maofesi onse amene anayendamo sanaonepo zala zothamanga pa kiyibodi ngati zake. Tsiku lina ali pa mlatho, akuyang'ana mitambo ikutsika m'phiri la Mulanje, anamugwira dzanja nati, "Lenia, nandolo wa chaka chamawa asanache, amalume anga adzakhala atafika kwa amalume ako. Ndikanama, dzanja ili lisadzagwirenso kompyuta."

Ndani akanakayika? Mbewu zinagawidwa bwinobwino, alimi onse anapezeka m'kaundula, a Davison anamuyamikira pamsonkhano. Chilichonse chabwino chimene chinamuchitikira chaka chimenecho chinali ndi dzina la Hector.

Koma panali kabokosi kena kamene kankamusowetsa mtendere. Kompyutayo inali yakale, yochokera kunja itagwira kale ntchito, ndipo magetsi akazima wotchi yake inkabwerera m'mbuyo zaka zingapo. Lenia akafuna kukonza tsiku, kabokosi kankatulukira pa sikirini kufunsa pasiwedi yaikulu. Akafuna kuonjezera kanthu kalikonse, kabokosi komweko. Ndiye ankamuflasha Hector, n'kudikira Loweruka.

Anamupemphapo kangapo kuti amuuze. Hector ankangoseka n'kumutsina tsaya.

"Ukuifuniranji pomwe ine ndilipo? Ndikakuuza usiya kundifuna, ndiye ine ndizibwera kudzatani ku Phalombe?"

Lenia anaona ngati ndi chikondi. Mpaka anakawauza anzake a ku kwaya kuti ali ndi mwamuna wansanje ndi kompyuta.

Loweruka lililonse, phunziro likatha, Hector ankati akufuna ayeretse za m'kati, ntchito yosafuna phokoso, ndipo ankamutuma kumsika kukagula tchipisi ndi zakumwa. Ankamuuza kuti asathamange, dzuwa likuotcha. Pobwera ankamupeza atatseka kale kachikwama kake, akuimba mluzu.

Mu Disembala Lenia anamuitanira kumudzi ku Mkhumba kuti amayi ake akamuone. Anagwirizana Lamulungu lachitatu la mweziwo. Amayi ake anayamba dzulo lake kuphika kalongonda, nyemba zija zoledzeretsa zikapanda kupsa, kuwiritsa ndi kutaya madzi, kuwiritsanso ndi kutayanso, mpaka nkhuni zimene anakatola kuphiri zinatha. Anasesa bwalo, anabwereka mipando kwa aneba. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, alendo osaoneka. Foni ya Hector inali yotseka. Cha m'ma folo koloko kunafika meseji: "Pepa wapamtima, azakhali anga agonekedwa m'chipatala mwadzidzidzi. Mtima wanga uli komweko. Uwapepesere amayi."

Amayi ake anangobweza mipando ya eni ake, nafunsa m'Chilomwe ngati kuchipatalako amaletsa munthu kuimba foni m'mawa. Lenia anamuikira kumbuyo bwenzi lakelo mpaka anakwiyitsana ndi amayi ake.

Mu Januwale munabuka nkhani ina. Inki ya pulinta, yamitundu ija, imene inkatha miyezi inayi, inatha m'masabata atatu. Anagula ina, nayonso inatha. A Davison anali munthu wosapsa mtima msanga, koma tsiku limenelo anamenya tebulo. Anati alimi samalima kuti wina azisindikizira anthu zikalata zam'mbali, ndipo popeza kiyi ili ndi Lenia, mlandu ngwake. Lenia analumbira kuti sakudziwapo kanthu. Sanamumvere. Analemba pamanja kalata yomuchenjeza, ndipo poti mu ofesimo munalibe wina wodziwa kutaipa, anamupatsa iye yemweyo kuti aitaipe.

Anataipa dzina lake pamwamba, anataipa mawu akuti "kusakhulupirika", akulephera kuona zilembo chifukwa cha misozi. Anasindikiza, anasaina.

Atamuuza Hector, iye anapukusa mutu mwachisoni, nati mapulinta a mtundu umenewo ndi choncho, amamwa inki ngakhale asakugwira ntchito. Anamupukuta misozi ndi mpango wake.

Kalata imeneyo inamusintha Lenia. Anatopa ndi kukhala pamaso pa makina amene sankawadziwa, kumangovomera chilichonse chimene wauzidwa. Nthawi ya nkhomaliro anayamba kutsala mu ofesi, n'kumatsegula malangizo amene anali m'kompyuta momwemo, pa kachizindikiro ka funso. Chingerezi chake chinali cholimba, koma ankawerenga ndi dikishonale pambali, n'kumalemba m'kope zimene wamva. Tsiku lina anapeza tsamba lofotokoza za Ubuntu yemweyo. Linkati pulogalamuyi ndi yaulere, inapangidwa ndi anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana mothandizana, ndipo aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito, kuikopera ndi kugawira anzake.

Anawerenganso, kuopa kuti mwina Chingerezi chamuzembera. Kenako anamulembera Hector kumufunsa. Yankho linabwera msanga: "Zimenezo analembera azungu, bebi. Kuno malamulo ndi ena. Usamagwiregwire, ungamangitse bungwe lonse."

Lenia sanamuganizire zoipa ayi. Anangoganiza kuti mwina Hector naye ananamizidwa ndi mnzake wa kunja uja.

Sabata yotsatira a Davison anamutuma ku Mulanje ndi makalata. Pobwerera anatsika pa Chitakale n'kulowa m'kasitolo ka intaneti, koyamba m'moyo wake. Mayi woyang'anira malowo anamuthandiza kufufuza, ndipo anapeza kuti munthu akhoza kungolemba dzina ndi keyala yake, eni pulogalamuyo n'kumutumizira sidi pa positi, osalipira kanthu. Lenia analemba keyala ya ofesi. M'minibasi ankamwetulira yekha. Ankaganiza za nkhope ya Hector tsiku limene adzamuonetse kuti naye waphunzira, kuti mkazi amene akufuna kukwatirayo si wongodikira kutafuniridwa.

Envelopu inafika mu Malichi. Pachikuto cha sidiyo panali mawu omwe aja, olimbikitsa kuti ukaigwiritsa ntchito upatsekonso mnzako. Panalembedwanso kuti munthu akhoza kuiyesa kaye osasintha chilichonse m'kompyuta.

Lolemba masana, a Davison atapita ku makalabu a ku Migowi, anaika sidiyo m'kompyuta. Kompyuta inalira, sidi ikuzungulira m'katimo kwa nthawi yaitali, mpaka anayamba kudzitukwana kuti waononga. Kenako sikirini yofiirira ija inatulukira, ndipo sinafunse pasiwedi ya munthu aliyense. Anaomba m'manja yekhayekha.

Anafuna kutsimikiza kuti maina a alimi alipobe. Anatsegula disiki ya kompyutayo, kutsata zimene analemba m'kope, mpaka anafika pamene pamakhala mafoda a eni kompyuta. Anayembekezera kupeza imodzi. Zinalipo ziwiri. Ina inali ndi dzina lake. Inayo inalembedwa kuti "hector".

Anaitsegula akumwetulira, poganiza kuti mwina muli chithunzi chake chimene Hector anamujambula pa mlatho paja.

Munali foda yotchedwa "makadi". Fayilo yoyamba inatseguka pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba: maluwa ofiira, nkhunda ziwiri, mphete zagolide zolowana. Kenako mawu. Mabanja awiri anali kuitanira abale ndi abwenzi ku ukwati woyera wa ana awo, Hector ndi Rozaria, Loweruka lomaliza la Epulo, ku Bangwe.

Dzanja la Lenia linali likadali pa mausi. Panja anthu a kabaza ankaitanira makasitomala ngati masiku onse.

Munalinso foda ina, ya zithunzi. Hector atavala malaya a chitenje ofanana ndi diresi ya mtsikana wina wamtali, woyera, akumuveka mphete. Azimayi akuvina, ankhoswe atanyamula nkhuku. Pakona ya chithunzi chilichonse kamera inali itadinda tsiku ndi manambala achikasu. Linali Lamulungu lachitatu la Disembala.

Misozi sinabwere nthawi yomweyo. Chimene chinabwera ndi kutentha, kuyambira m'mimba kukwera mpaka m'makutu. Amayi ake kutha nkhuni chifukwa cha munthu amene pa ola lomwelo ankavina pa chinkhoswe chake? Iye kuyenda padzuwa kukagula tchipisi, n'kumachita kusankha zofewa, pomwe kumbuyoku pulinta ikusanza maluwa ofiira a mkazi wina? Ndiye kalata ija, imene anataipa ndi zala zake zomwe, mwini mlandu n'kumupukuta misozi ndi mpango!

Anasindikiza khadi limodzi. Linatuluka lotuwa, chifukwa inki yamitundu inali itatheratu.

M'mawa mwake anawaonetsa a Davison zonse, osabisa ngakhale za ma Loweruka aja. Bambowo anayang'ana khadilo nthawi yaitali. Anatsegula kabati, anatulutsa kalata yochenjeza ija, naing'amba pakati. Koma sanamusiye osamudzudzula. Anati kulowetsa mlendo mu ofesi ya alimi tsiku lopuma kunali kupusa, ndipo Lenia anavomera ataweramitsa mutu. Kenako anati aitanitsa katswiri wina ku Blantyre adzachotse zonse zimene munthu ameneyu anaikamo.

"Musaitane munthu, bwana. Ndiika ndekha."

A Davison anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anamukumbutsa kuti kaundula akasowa, palibe chimene adzawauze alimi zikwi zitatu, ndipo ntchito yake idzathera pomwepo. Lenia anati akudziwa. A Davison anamupatsa mpaka Lachisanu.

Lachitatu lonse analithera kukopera. Anaika mafayilo a alimi m'fulashi, anawaikanso pa sidi yopanda kanthu, n'kupita nazo zonse ziwiri ku sitolo ina yotaipira makalata kukatsimikiza kuti zikutseguka pa kompyuta ya eni ake. Anawerenga makalabu imodziimodzi, kuyerekeza ndi mabuku akale a pamanja. Foda ya Hector anafuna kuisiya kuti ifere momwemo. Anaima kaye, nalingalira, kenako nayonso anaikopera pa sidi yakeyake, n'kulembapo dzina ndi cholembera chakuda.

Lachinayi m'mawa anapemphera kuti magetsi asazime, nadina kachithunzi koikira pulogalamu. Zimene Hector ankachita atatembenuza msana zija zinali mafunso ochepa chabe. Funso loyamba linafunsa chiyankhulo, anasankha Chingerezi. Lina linaonetsa mapu a dziko lonse kuti aloze kumene ali, ndipo poti Phalombe panalibe, analoza Blantyre. Linanso linafunsa mtundu wa kiyibodi, n'kumupatsa kamzere koyeserapo. Analembamo dzina la amayi ake.

Funso lotsatira ndi limene linamutulutsa thukuta. Linkafunsa ngati akufuna kugwiritsa ntchito disiki yonse, ndipo linachenjeza kuti zonse zimene zilimo zifufutika. Anagwira fulashi m'thumba la siketi kuti amve ngati ilimo. Anayang'ana sidi ziwiri zija patebulo. Anavomera.

Funso lomaliza linamufunsa dzina lake ndi pasiwedi imene akufuna. Anafunafuna pamene pafunsidwe chilolezo, kapena setifiketi ya ukatswiri, kapena dzina la mnzake wa kunja. Panalibe. Kamzere kanayamba kuyenda kuchokera kumanzere, iye atakhala pampando osasuntha, mpaka kanafika kumapeto. Pofika nthawi ya nkhomaliro maina onse a alimi anali atabwerera m'malo mwake, pulinta ikugwira ntchito. Anatsegula wotchi, kabokosi kaja kanatulukira, analemba pasiwedi yake, ndipo kanamulola.

Zonsezi zinali za ola limodzi. Miyezi isanu ndi iwiri yakudikira Loweruka, chifukwa cha ntchito ya ola limodzi.

Loweruka Hector anafika monga mwa nthawi zonse, atanyamula kapaketi ka mabisiketi. Anamupsompsona pachipumi, Lenia osasuntha. Anakhala pa kompyuta, analemba dzina lake, inakana. Analembanso, inakananso.

"Duwa langa, wagwira chiyani muno? Sikundilola."

"Simulimo, a Hector. Ndinakuchotsani Lachinayi."

Mawu akuti "a Hector" ndi amene anamutembenuza. Lenia anaika khadi lotuwa lija patebulo, pambali pa mabisiketi.

Mwamunayo anayamba ndi kuseka, nati khadilo ndi la msuweni wake, maina angofanana. Lenia anatchula za malaya a chitenje ndi manambala achikasu. Apo anasintha nyimbo. Anati Rozaria ndi nkhani yakale, makolo ndi amene akumukakamiza, iye mtima wake uli ku Phalombe, ndipo ankafuna kumuuza koma ankasowa poyambira. Anagwada bondo limodzi, namugwira mpendero wa siketi. Ataona kuti nkhope ya Lenia sikusintha, anadzuka, anasasa fumbi pa thalauza, nayamba kuopseza. Anati waphwanya lamulo, waika pulogalamu ya eni popanda chilolezo, ndipo nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu bungwe litsekedwa.

Lenia anatulutsa chikuto cha sidi ija mu dirowa, nachiika pamwamba pa khadi.

"Werengani apo. Mokweza, poti Chingerezi mumachidziwa kuposa ine."

Hector sanawerenge.

"Zoti muli ndi mkazi wina zandipweteka, sindinama," anatero Lenia osakweza mawu. "Koma amuna abodza ndinawamvapo kale. Chimene chikundikanika kumeza ndi ichi. Munandipeza ndisakudziwa, inu n'kuonetsetsa kuti ndikhalebe wosadziwa. Chinthu chimene eni ake akuchita kutumiza ulere mpaka kuno ku Phalombe, inu munachitsekera m'kachikwama kuti ndizikugwadirani. Munandiona ndikulira ndi kalata ya mlandu wanu, osachita ngakhale manyazi. Amayi anga anabwereka mipando, a Hector. Anabwereka mipando."

Hector anayang'ana kukhomo. Kenako, ngati kuti zonsezo sanazimve, anafunsa za mafayilo ake. Anati munali mndandanda wa oitanidwa ndi ndondomeko yonse ya mwambo, ndipo kwina kulikonse analibe.

Lenia anamuuza kuti sanataye kanthu, iye si wakuba ndipo si woononga. Sidi yake ili ndi a Davison, amene akumudikira pansi pa mtengo wa mango panjapo, ndipo akufuna amve bwino za mapulinta omwa inki asakugwira ntchito. Hector anasuzumira pawindo. Bambowo analidi pomwepo, atakhala pa benchi ndi akuluakulu awiri a komiti ya alimi.

Hector anatuluka mapewa atagwa. Zimene anakambirana pansi pa mtengowo Lenia sanazimve, ndipo sanafune kuzimva. Anangoona patapita nthawi malaya oyera ali pa kabaza, kulowera ku depoti.

Madzulo kunabwera meseji: "Ikadzafa udzandifuna." Imeneyo anaifufuta osaganiza kawiri. Zovuta zinali zinazo. Foni yake inkasunga mameseji ochepa, ndipo kwa miyezi yonseyi ankafufuta a anthu ena kuti a Hector akhale. Anakhala pakhonde la nyumba imene ankachita lendi, n'kumawerenga imodziimodzi asanaifufute. Apa m'pamene analira, kulira kwenikweni, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro.

Loweruka lomaliza la Epulo anapita kumudzi kukathandiza amayi ake kukolola chimanga. Anawapepesa ali m'munda. Amayi ake anangomupatsa dengu, nati ayambire mzere wa kumtunda.

Mbiri inayenda yokha kuti mlembi wa alimi a nandolo amadziwa kuika pulogalamu yosagwidwa ndi mavayirasi. Mphunzitsi wina anabwera kudzakopera sidi, kenako anthu a ku tchalitchi china. Lenia ankawapatsa, n'kuwakhazika pampando kuti mafunso aja ayankhe okha.

Tsiku lina mu Meyi, kuzizira kwa chiperoni kutatsika m'phiri, pa ofesi panaima kabaza. Panatsika mtsikana wovala juzi yobiriwira, woyendetsa njinga n'kumutsitsira bokosi la kompyuta. Anati dzina lake ndi Felista, mlembi wa kabungwe ka amayi osoka ku Chiringa. Kompyuta yawo inkafunsa pasiwedi imene iye sankaidziwa, ndipo anamva kuti kuno kuli chithandizo.

Lenia analumikiza mawaya, nayatsa. Sikirini yofiirira inatulukira. Anafunsa amene anawaikira.

Mtsikanayo anamwetulira mwamanyazi, akuyang'ana pansi. Anati ndi bwenzi lake, katswiri wa ku Limbe, mwina anamumvapo, dzina lake Hector. Anati si munthu wovuta ayi, kungoti kuyambira mu Epulo ali ku maphunziro ku Lilongwe, ndipo kumeneko amawaletsa mafoni.

"Poti nonse ndi a makompyuta, mwina munamvako kuti maphunzirowo atha liti? Pali nkhani ina imene ndikufuna ndimuuze pamaso. Ya pa foni ayi."

Ponena zimenezi anaika dzanja pamimba, pansi pa juzi, mosazindikira.

Lenia anayang'ana dzanjalo. Kutentha kuja kunayambanso kukwera. Anaimirira, anapita kukhomo, anamuuza wa kabaza kuti asadikire, natseka chitseko. Anakoka mpando wake womwe, wa khushoni uja, n'kuuika pafupi ndi mtsikanayo.

"Kompyutayi tikonza lero lomwe, achemwali, ndipo mukonza ndinu ndi manja anu. Imeneyo si nkhani. Koma yambani mwakhala pansi."